Chogwirira cha Poto wa Amake Farai

Tandiyankhani, inu amene munapita kusukulu mpaka nsapato kutha. Makutu ali nawo awiri, koma samva kanthu. Pakamwa pake pamakhala yasa tsiku lonse, koma sananenepo munthu miseche. Mukamukhazika pamoto amangong'ung'udza, osathawa. Ndani ameneyo? Mukati ndi mwamuna wa mnzanu mwalakwa, amuna pamoto sakhalitsa. Ndi poto. Ndipo poto amene anamuwondetsa Effie sanali wake n'komwe.

Effie ankakhala ku Lewisham, m'fulati ya pamwamba penipeni, ndipo ntchito yake inali yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za azungu kunyumba ina yosungirako okalamba. Mwana wake wamkazi, Atikonda, anali atapeza banja. Mnyamatayo anali Farai, wa ku Zimbabwe, koma agogo ake anachoka ku Dedza kalekale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndiye Chichewa kwawo ankachiyankhula ndithu, ngakhale chopindika pang'ono. Chinkhoswe anachiika pa Loweruka, muholo ya tchalitchi ku Barking. Effie analumbira kuti kukhala ku London si chifukwa choti alendo amwe za m'mabotolo zokhazokha. Thobwa likhalapo basi. Chimera anali nacho kale, nesi wina anamubweretsera kuchokera kumudzi chitakulungidwa m'zitenje. Chosowa chinali poto wamkulu.

Poto woteroyo anali naye munthu mmodzi yekha: a Spiwe, amake Farai. Poto wa siteniresi, chitsulo chija chosachita dzimbiri, wamkulu woti mwana n'kusambiramo, wonyezimira woti bambo n'kumetera ndevu akudziyang'anirapo. Anamugula pa lesitilanti ina imene inkatsekedwa, ndipo ankamupukuta kuposa mmene ankamupukutira Farai ali khanda. Ku Barking aliyense ankaidziwa nkhani ya mayi wina wa kwaya amene anabweza chivundikiro cha poto ameneyu chitapindika. Zaka zinadutsa, koma moni wa amake Farai kwa mayiyo unali wa m'mphuno basi.

"Poto uyu sindibwereketsa, asewele," anatero amake Farai pomupereka. "Shuwa, ngakhale amayi busa ndinawakaniza. Koma inu tsopano ndinu apachibale. Mukatha za thobwa mubwere naye kuholo, tidzaphikiremo mpunga."

Effie analandira ndi manja awiri, mtima uli myaa. Anakwera naye sitima, anakwera naye basi, atamufungatira ngati wodwala. Koma atafika pamsika wa Lewisham nzeru zinamuchulukira. Anagula thumba la mpunga, anyezi, chigubu cha mafuta ophikira, n'kulonga zonsezo m'potomo. Kufika pa fulati, chikepe chafa, monga mwa chizolowezi chake. Anayamba kukwera masitepe akumukoka potoyo ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi chikwama. Atatsala pang'ono kufika, thwa! Chogwirira chimodzi chinathothoka, papoto n'kungotsala timadontho pomwe a kufakitale anawotcherera.

Effie anakhala pa sitepe, dzanja patsaya. Koma sanalire, pakuti kokonzetsa ankakudziwa. Kunsi kwa mlatho wa sitima, kuseri kwa msika, kunali kashedi ka anthu owotcherera zitsulo, omwe ankakonza matrole ndi masinki a kukhitchini ya kuntchito kwake. Anati mawa akaweruka apita naye kumeneko, amake Farai sadziwa n'komwe.

Akanangopita nthawi yomweyo! Madzulo ake kunatulukira a Wiseman.

A Wiseman anali mchimwene wake wamkulu wa Effie, amalume ake a Atikonda, ndiponso nkhoswe ya mbali ya kuchikazi. Ankalondera shopu ina ku Greenwich. Koma mukawamva iwo, ulondawo unali wongopumulira. Anayendetsapo mathiraki mpaka ku Beira, anaphunzitsapo asilikali nkhonya, anakonzapo phiko la ndege pa Chileka woyendetsa wake akulira. Zoona zake n'zoti ali mnyamata ankakonda kukhala pafupi ndi okhoma zidebe mu Ndirande, kuwaonerera akumata ndowa zamalata ndi mtovu, ndipo kuonererako iwo ankakuyesa kosi.

"Kodi poto ameneyu watani?" anafunsa, asanakhale n'komwe pansi.

"Palibe kanthu, achimwene. Mawa ndipita naye kwa owotcherera."

"Kwa ndani?" A Wiseman anavula chipewa. "Effie, ukunyoza ndani? Ine ndili moyo, mchimwene wako bere limodzi, iwe n'kunyamula chitsulo kupita nacho kwa anthu osawadziwa? Amenewo akakuwonongera. Sadziwa kanthu, amangodalira mashini."

"Achimwene, ichi si chidebe. Ndi siteniresi."

"Chitsulo ndi chitsulo, mlongo wanga. Zonse zimaopa moto. Mawa usapite kulikonse."

Mawa lake anabweradi, atanyamula kachikwama. Anatulutsa kachitsulo kamagetsi kokonzera wailesi ndi kawaya ka mtovu. Anavula shati n'kutsala ndi vesiti, n'kuvala magalasi akuda a dzuwa, ati kuteteza maso. Effie anauzidwa kuti agwire chogwiriracho pamalo pake ndipo asapume mwamphamvu. Mtovu unasungunuka bwinobwino. Koma m'malo mogwira, unangopanga timipira n'kugubuduka papotopo ngati madzi pa tsamba la koko, n'kugwera pansi, kapeti psi, psi.

"Achimwene, kapeti ndi ya eni nyumba!"

"Usandisokoneze. Mtovu wa kunowu ndi wachinyengo. Ku Ndirande timayamba tathira asidi wa m'batire. Uli ndi batire ya galimoto?"

"Galimoto ndilibe, batire ndiitenga kuti?"

"Bweretsa viniga. Ndi ndimu."

Anathira viniga, anafinyira ndimu, nyumba yonse kununkha ngati pogulitsa tchipisi. Mtovu uja unapitiriza kugubuduka, tsopano uli wowawasa. A Wiseman anavula magalasi, n'kumuyang'ana potoyo ngati mwana wamwano.

"Ndaliona vuto lake. Moto wachepa."

Tsiku lotsatira Effie anaweruka miyendo itatupa, n'kuwapeza ali kale pakhomo akumudikira, m'manja muli kabotolo ka gasi kolavula moto. Anayatsira m'khitchini momwemo. Lawi la buluu lija likuti fuuu, iwo akuimba nyimbo ya kwaya, mtovu ukudontha. Potoyo anayamba kusintha maonekedwe. Pamene panali mbee panayamba chikasu, kenako kufiirira, kenako mitundumitundu ngati khosi la nkhunda. Kansalu kopukutira mbale kanagwira moto. Kachipangizo ka kudenga kaja kamene kamalira kakamva utsi kanayamba kukuwa, tswii, tswii, tswii, Effie akukapepeza ndi chitenje atakwera pa mpando, mzungu wa khomo loyandikana akugogoda kufunsa ngati aitane ozimitsa moto. Chogwirira chili phee patebulo, osakhudzidwa ndi chilichonse.

Utsi utatha, Effie anatsika pa mpando, n'kumeza mawu oyamba amene anabwera pakamwa. Anameza achiwirinso.

"Achimwene, mwayesetsa. Zikomo kwambiri. Basi, mawa ndingopita naye kuja."

"Ukundichotsa ntchito?"

"Ayi, kungoti Loweruka layandikira, thobwa sindinayambe, ndiye poto wa eni wasanduka utawaleza."

A Wiseman anavala shati mwakachetechete, batani ndi batani. "Chabwino. Ngati manja angawa sukuwakhulupirira pa poto, pa mwana wako uwakhulupirira bwanji? Peza nkhoswe ina. Ukawatenge owotcherera akowo, adzalandire tambala Loweruka."

Apa ndiye anamugwira pakhosi. Wamwamuna wa kwawo ku England konse kuno anali iwowa basi. Amalume ena a kumudzi viza anawakaniza. Chinkhoswe chopanda nkhoswe ndi chiyani, si phwando la tiyi? Effie anawayang'ana, n'kumuyang'ana poto, n'kuyang'ana kudenga ngati kuli thandizo.

"Pepani achimwene. Ndinayankhula molakwa."

"Ndakukhululukira. Ndimutengera kwanga poto ameneyu. Zida zenizeni zili kumeneko."

Ndipo anatuluka naye, atamusenza paphewa, akumugunditsa m'zitseko.

Thobwa Effie analiphika m'timapoto. Kapoto ka tiyi, kapoto ka ndiwo, poto wa nyemba, wina wobwereka kwa mnzake wa kuntchito, onse ali ndandanda mpaka pawindo, khitchini ngati ya sing'anga. Phala likapsa mu aka, mu ako lagwirira. Akapita ku shifiti, nkhalamba zikumuitana uku ndi uku, mutu wake unali ku Greenwich. Pa nthawi yopuma ankatulutsa foni.

"Achimwene, zili pati?"

"Ntchito ili mkati."

Mawa lake: "Achimwene?"

"Chitsulo chikupuma. Sungachifulumize chitsulo, Effie, chimakwiya."

Ndiye tsiku lina foni inalira, kuyang'ana, amake Farai.

"Asewele, thobwa likukwana bwino m'poto wanga?"

"Eee, likukwana, asewele, likuchita kusangalala."

"Musamukwechese ndi waya, mwamva? Kasiponji kofewa basi. Sachedwa kukalika."

"Kasiponji, inde. Asewele, sitima ikulowa pansi, netiweki ithawa." Anali atakhala pa bedi m'chipinda mwake.

Atikonda anamva zonsezo ali pakhomo. Ana okulira kuno Chichewa amamva, koma poyankha ndi Chingerezi. "Mum, just tell her."

"Jasitela, jasitela! Ukuwadziwa apongozi akowo iwe? Ukufuna ukalowe m'banja la eni ndi dzina loti mwana wa mayi wothyola mapoto? Adzakukumbutsa mpaka pa chinkhoswe cha mwana wako. Pita ukayese diresi uko."

Lachisanu madzulo a Wiseman anatulukira, poto ali paphewa, nkhope ikuwala. Anamutsitsa pakati pa balaza n'kubwerera m'mbuyo, manja m'chiuno. Chogwirira chinali pamalo pake ndithu. Koma pomwe chinalumikizana ndi poto panali chotupa, uku ndi uku, ngati bondo la nkhalamba, ndipo chotupacho ndi mitundu ija ya nkhunda zonse zinali zitapakidwa penti wasiliva.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Kuwotcherera kumeneko. Kwa gasi wapadera, amene timagwiritsa ntchito pa ndege. Iwe sungazimvetse."

Effie ananunkhiza. "Nanga pentiyu?"

"Finishing'i. Mmisiri weniweni sasiya chilonda poyera. Tiye kubafa."

Anamudzaza madzi a pampopi mpaka m'khosi. A Wiseman anagwira zogwirira zonse ziwiri, hii, n'kumunyamula. Chinagwira. Anamutsitsa, anamunyamulanso, n'kuvina naye pang'ono, madzi akukhavukira pansi. Chinagwirabe. Effie anapuma mpweya umene anausunga sabata yonse. Kukongola ayi, sikunali kokongola, koma mwina atamuika mbali imeneyo kukhoma, tsiku n'kudutsa. Zinazo adzaona chinkhoswe chitatha.

"Koma chonde achimwene, pakamwa. Amake Farai asadziwe kuti chinathothokapo."

"Ine? Chinsinsi chikalowa mwa ine chimafera momwemo."

Loweruka Effie analawirira kuholo anthu asanafike. Kuseri kwa holoyo, pakabwalo ka simenti pafupi ndi khomo la kukhitchini, amayi anali ataika chitofu chachikulu cha gasi chokhala pansi. Effie anakhazika poto yekha, mbali yodwalayo kukhoma, n'kukoleka kansalu pa chogwiriracho ngati wangoiwala. Amake Farai atafika, atavala duku lalitali ngati nsanja, anamusisita poto wawo pamimba n'kumwetulira. Anathira madzi, anathira mpunga, n'kutsegula gasi mpaka kumapeto, malawi akunyambita m'mbali mwa poto mpaka m'mwamba.

Posakhalitsa amake Farai anakweza mphuno. "Kukununkha chiyani ngati pulasitiki?"

"Ndi London, asewele. Kuno kumangonunkha."

M'holo zinthu zinayenda bwino, tisanamizane. Atsikana anatuluka atafunditsidwa zitenje kumutu, akuchimuna akulakwitsa dala, anthu akufa nazo. Atikonda atavundukulidwa nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Tambala anali wa m'firiji ya shopu, wowotcha kale, koma a Wiseman anamulandira ngati akulira kokoliliko, n'kupereka msoti kwa a Zacheus, nkhoswe ya Farai. Kenako anagwira maikolofoni n'kulangiza anawo za kudzichepetsa, nthawi yaitali ndithu, mpaka wa zoimbira anachita kuwatsitsira mawu. Thobwa anthu analimwa n'kumafunsa ngati latsala. Effie anayamba kukhulupirira kuti Mulungu wamuona.

Mpunga utapsa, iye ndi amake Farai ali kuseri kuja akukonza zogawa, anamva mawu a achimwene ake akuyandikira. Anali ndi a Zacheus ndi azibambo ena a kuchimuna, makapu a thobwa m'manja. A Zacheus ankadandaula kuti paipi ya utsi ya galimoto yawo yathyoka, ikukwekwereza pansi.

"Paipi yokha?" anatero a Wiseman. "Bweretsani kwa ine, ntchito ya mphindi zochepa imeneyo. Ine siteniresi ndimaiwotcherera ngati ndikumata envelopu. Simukukhulupirira? Bwerani muone."

Effie anawatsinzinira diso. Anatsokomola. Anagwedeza mutu mpaka duku kupendekeka. A Wiseman anamudutsa ngati mtengo, n'kufika papoto, kansalu kaja lakatu, kuchotsa.

"Asewele, mwaiona ntchito yanga? Chinathothokeratu chimenechi, mlongo wangayu akulira. Ndinati tonthola, mchimwene wako alipo."

Amake Farai anaika chipande pansi. Anazungulira poto pang'onopang'ono, n'kuwerama, n'kuona chotupa chija, penti atatukusira ndi moto. Kenako anaweramuka n'kumuyang'ana Effie.

Bodza lina linafika pakamwa pa Effie, koma anali atatopa, kutopa kwa sabata yonse ya viniga, utsi ndi timapoto. Anagwada pasimenti pomwepo, chitenje chatsopano chili chomwecho.

"Ndinathyola ndine, asewele. Pa masitepe, tsiku lomwe munandipatsa. Ndinalongamo katundu wolemera. Ndinachita mantha kukuuzani."

"Ndiye pafoni paja?" anafunsa amake Farai, mawu ali pansipansi. "Thobwa likusangalala?"

"Linali m'timapoto."

"Iyayi, iyayi, musakangane pa nkhani yotha kale," analowerera a Wiseman, akupereka kapu yawo kwa a Zacheus. "Asewele, poto wanuyu panopa ndi wolimba kuposa mmene munamugulira. A kufakitale anangodonthezapo. Ine ndamanga. Taonani, dzanja limodzi, mpunga uli momwemo."

"Achimwene, musatero."

"Khala chete, Effie, uphunzire."

Anakulunga kampango m'dzanja, anatambasula miyendo, suti ili phuu pamapewa. Anagwira chogwiriracho, anayang'ana azibambo aja kuti aone ngati onse akuona, n'kukoka ndi mphamvu zonse za ku Beira.

Sichinalire n'komwe. Chinangoti fwaa, ngati mukuzula chinangwa m'dothi lonyowa. Poto sanasunthe ngakhale pang'ono, mpunga uli phee. Amene anasuntha ndi a Wiseman. Anabwerera chambuyo, phazi, phazi, manja akupalasa mphepo, mpaka khuvuu, kukhala m'beseni la madzi otsukira mbale, miyendo m'mwamba, thovu mpaka m'makutu. Kuchogwirira kuja kukulendewera zinthu zotuwa, zofewa ngati chingamu chotafuna kale.

Amake Farai anayandikira, n'kutsina zotuwazo ndi zala, n'kununkhiza.

"Maiwe! Guluu!"

"Si guluu wamba," anatero a Wiseman ali m'beseni momwemo. "Ndi wa machubu awiri. Papaketi analemba kuti ndi wa zitsulo."

"Ndiye gasi wa ndege uja?" anafunsa Effie, akadali chogwada.

Amake Farai anayesa kugwira pakamwa, koma zinakanika. Kunayamba ngati chifuwa, kenako kuseka kunaphulika, duku likugwedezeka, misozi mbwe. Anadzandira n'kudzagwira phewa la Effie, n'kumudzutsa, n'kumutsamira kuti asagwe. A Zacheus thobwa linawatulukira m'mphuno. Amayi a kukhitchini anatuluka ndi zipande m'manja, ataona miyendo ya nkhoswe ili m'mwamba wina anayamba nthungululu.

"Asewele," anatero amake Farai akupukuta maso, "sabata yonse mumalimbana ndi zimenezi nokhanokha? Shuwa mwalangidwa kale, ine ndiwonjezerapo chiyani? Lolemba tipite naye limodzi kwa owotcherera enieni. Koma mukadzathyolanso kanthu kanga, muziyamba mwauza ine, osati awa."

"Ndamva, asewele."

"A Wiseman," anaitana a Zacheus, akutsokomolabe, "paipi ija ndibwere nayo liti? Kapena ndingogula chingamu ndekha?"

A Wiseman anayesa kudzuka, beseni n'kudzuka nawo limodzi litawakanirira kumbuyo.

"Inu simukumvetsa," anatero, madzi akuchucha m'thalauza. "Ntchitoyo inali bwinobwino. Vuto ndi gasi wa ku Barking kuno, ngotentha mopitirira muyezo."

Apa ndiye ngakhale Effie anakhala pansi n'kuseka mpaka m'nthiti kuwawa.